Mapepala anayi, ma citation asanu ndi awiri

Imelo yanu, mchemwali, ndaiwerenga katatu. Kachitatu ndinali mu minibasi ya ku Limbe, mpaka ndinapitirira siteji yanga pa Chichiri. Mwati muli ndi mapepala anayi a kafukufuku pa ma heterocycle, onse pamodzi atchulidwa m'mapepala ena kasanu ndi kawiri (ndiwo ma citation amenewo), h-index yanu, nambala yoyezera mmene mapepala a munthu akutchulidwira, ili pa 2, pamene mnzanu wa m'kalasi amene amayeza madzi a m'zitsime ali pa 11. Mukufunsa ngati musiye synthesis, ntchito yopanga mamolekyu mu labu, n'kutsata kumene kuli ma citation.

Mwandigunda pachilonda.

Ine ndinayamba ndi reaction ya Biginelli. Kwa owerenga amene chemistry anaisiyira ku Fomu 4: heterocycle ndi molekyu yopindika ngati mphete, koma m'mpheteyo muli atomu ina yosakhala kaboni, kaya nayitrojeni, okosijeni kapena salufa. Pa Biginelli umasakaniza aldehyde, ethyl acetoacetate ndi urea, n'kudonthezamo asidi, n'kuwiritsa, ndipo pamatuluka mphete ya maatomu asanu ndi limodzi, awiri mwa iwo nayitrojeni. Bambo anga atamva kuti ndimagwiritsa ntchito urea anaseka mpaka misozi. Akuti sukulu yonse ija n'cholinga choti uziphika feteleza wa chimanga? Ndinayesa kuwafotokozera kuti wa mu labu ndi woyeretsedwa, koma iwo nkhani inali itapsa kale, ndipo pamaliro aliwonse kumudzi ankandilozera anthu kuti uyu ndi wophika feteleza uja.

Mkulu amene ankandiyang'anira anali ndi nzeru yake. Reaction ndi yomweyo, iwe uzingosintha catalyst, chinthu chofulumizitsa reaction. Lero asidi uyu, mawa dothi lowotcha, mkuja madzi a mandimu, ndipo catalyst iliyonse ndi pepala lake. Ndinamvera, ndani akanakana? Vuto linali la zida. NMR, makina oonera mmene molekyu yamangidwira, tinalibe, choncho timabotolo tanga tinkakwera basi ndi mnzanga wopita ku South Africa, n'kudikira miyezi. Ulendo wina zotsatira zinabwera zikuonetsa kuti chimene ndinatumiza chinali aldehyde yosapsa yosakanikirana ndi ethanol. Magetsi anali atazima reaction ili pakati, ine n'kudzinamiza kuti yapsa chifukwa ufa woyera unaoneka pansi pa flask. Miyezi inayi inapita m'madzi. Pepala litatuluka linatchulidwa katatu, ndipo kawiri ndinali ine ndemwe.

Kwa zaka zambiri ndinkati anthu akundinyoza chifukwa adiresi yanga ndi ya Blantyre. Mwina tsankho lilipodi pang'ono, sindikana. Koma lero ndikunena poyera kuti pepala lija silinayenere kutchulidwa. Padziko pali mapepala mazanamazana a Biginelli wa catalyst yatsopano, ndipo langa silinauze munthu chilichonse chimene sankachidziwa. Ndinawonjezera chitsa m'munda modzaza kale zitsa.

Izi sizikutanthauza kuti nambala zija zimanena zoona. h-index anaiyambitsa Jorge Hirsch mu 2005, ndipo iye ndi wa physics ku San Diego. Ikakhala pa 11 ndiye kuti munthuyo ali ndi mapepala 11 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 11. Basi. Siidziwa kuti pepala la madzi a m'zitsime limawerengedwa ndi madokotala, a zachilengedwe, a mabungwe ndi ophunzira onse olemba za kolera, pamene la quinoline wanu, mtundu wina wa heterocycle, limawerengedwa ndi kagulu kochepa ka anthu opanga mphete zofanana nazo. Kuyerekeza inu ndi mnzanuyo kuli ngati kuwerenga anthu olowa mu msika wa Limbe ndi olowa kwa wokonza mawotchi, n'kunena kuti wamawotchi sadziwa ntchito. Pepala lotchulidwa kwambiri m'mbiri ya sayansi ndi la Oliver Lowry la 1951, lofotokoza kayezedwe ka mapuloteni, chifukwa aliyense woyeza mapuloteni ankalitchula. Impact factor ya Eugene Garfield, nambala yoyezera ma journal (magazini a sayansi), nayo imangoona mapepala a zaka ziwiri zapitazo.

Zaka ziwiri! Pietro Biginelli anapeza reaction yake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, ndipo inagona pafupifupi zaka zana anthu osaicheukira kwenikweni. Inadzuka pamene opanga mankhwala anayamba kufuna mphete zimenezi, ndipo mu 1999 kunadziwika monastrol, molekyu ya m'banja lomweli imene imaletsa selo kugawikana. Rolf Huisgen anafufuza mmene azide ndi alkyne zimalumikizirana n'kupanga mphete ya triazole m'zaka za m'ma 1960. Zinkafuna moto wambiri ndipo zinkatulutsa mitundu iwiri yosakanikirana. Mu 2002 Morten Meldal ndi Barry Sharpless, aliyense payekha, anaonetsa kuti ukaikamo mkuwa pamatuluka mtundu umodzi mosavuta. Mphoto ya Nobel inabwera kwa awiriwa mu 2022, Huisgen atamwalira mu 2020. Komiti yokweza anthu pantchito ikanamuyeza Biginelli ali moyo, bwenzi atamuuza kuti akayesenso chaka chamawa.

Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'choti dziko lino limayendera ma heterocycle koma amene amawadziwa timawaona ngati osewera. Tiyi wa ku Thyolo amakudzutsani chifukwa cha caffeine, amene ndi purine. Nicotine wa mu fodya amene akugulitsidwa ku okushoni ali ndi pyridine ndi pyrrolidine. Isoniazid wa TB ndi pyridine, Flagyl ndi imidazole, ndipo nevirapine ndi dolutegravir za mu ma ARV nazonso ndi mphete za nayitrojeni. Gulu la Jon Njardarson linawerengera mu 2014 n'kupeza kuti mankhwala 59 mwa 100 aliwonse a mamolekyu ang'onoang'ono ovomerezedwa ndi FDA ku America ali ndi mphete yokhala ndi nayitrojeni.

Tengani chloroquine. Ndi quinoline, wachibale wa quinine amene Pelletier ndi Caventou anamuchotsa m'khungwa la cinchona mu 1820. Hans Andersag anamupanga ku Germany mu 1934, kampani yake n'kumuika pashelefu poganiza kuti ndi wa poizoni kwambiri. Ife a zaka zathu tinakula naye, kuwawa kwake ndi kuyabwa kwake kuja. Malawi linali dziko loyamba mu Africa kumusiya, mu 1993, n'kutenga Fansidar, amene mankhwala ake onse awiri ali ndi mphete ya pyrimidine, kenako LA mu 2007. Kafukufuku amene anachitikira ku Ndirande kwathu kuno, n'kusindikizidwa mu New England Journal of Medicine mu 2006, anaonetsa kuti chloroquine wayambanso kupha tizilombo ta malungo atakhala zaka 12 osagwiritsidwa ntchito. Pepala limenelo limatchulidwa kwambiri, ndipo liyenera kutero. Koma taonani kumene ma citation amagwera: kwa oyesa mankhwala pa odwala. Wopanga molekyu amakhala kukhitchini, alendo amayamika woperekera mbale.

Choncho ayi, musasiye. Ndinayamba kulemba yankholi ndikuganiza kuti ndinena zoti zimatengera mtima wanu, koma pofika pano ndakana. Oyeza madzi tili nawo, ndipo ntchito yawo ndi yofunika. Odziwa kumanga mphete ndi manja awo m'Malawi muno ndi owerengeka, ndipo mmodzi akachoka palibe wolowa m'malo. Mu 2012 asayansi ndi akonzi a ma journal anakumana ku San Francisco n'kulemba chikalata chotchedwa DORA, chonena kuti munthu asayezedwe ndi impact factor ya journal imene wasindikizamo. Ine ndikanakonda aliyense wokhala pa komiti yokweza anthu atachiwerenga asanatsegule fayilo ya mnzake.

Nanga muchite chiyani

Choyamba, ma imelo aja oyamba ndi kukutamandani, olonjeza kusindikiza pepala lanu m'masiku asanu mukalipira madola, afufuteni. Ndinagwamo kamodzi, ndalama ya fizi ya mwana wa mlongo wanga, ndipo journal yake inasowa pa intaneti chaka chisanathe. Mlamu wanga mpaka lero akandiona amafunsa kuti magazini ija ikutuluka liti. Jeffrey Beall ankasunga mndandanda wa ma journal otere mpaka anautseka mu January 2017, ndipo kuchokera nthawi imeneyo achulukirachulukira, ena amabera ngakhale dzina la journal yeniyeni n'kusintha chilembo chimodzi. Wina anandiitanira ku msonkhano wa za mano, ine wa chemistry.

Zotsalazo n'zazifupi. Lekani kugawa ntchito imodzi kukhala mapepala atatu. Lembani limodzi lokhala ndi NMR ya proton ndi ya kaboni, mass spec ndi melting point za molekyu iliyonse, kuti wina ku India kapena ku Brazil akatsatira njira yanu apeze zomwe munapeza. Pezani mnzanu ku KUHeS, yunivesite ya za umoyo, kapena kwina amene angayese mamolekyu anu pa tizilombo ta malungo kapena mabakiteriya, chifukwa molekyu yoyesedwa imawerengedwa ndi magulu awiri. Tsegulani ORCID ndi Google Scholar, masamba a pa intaneti osonyeza mapepala a wofufuza aliyense, dzina lanu lizilembedwa mofanana paliponse, ikani pepala pa ChemRxiv, tsamba loonetsera mapepala a chemistry, lisanatuluke, ndipo yesani Beilstein Journal of Organic Chemistry, imene silipiritsa wolemba kapena wowerenga. Mapepala ofuna kulipira kuti muwawerenge, funsani ku laibulale za Research4Life, pologalamu yothandiza maiko osauka kuwapeza.

Pepala lanu lachitatu lija, la ma benzimidazole, ndaliona. Pa molekyu yachisanu pali peak ya NMR pafupi ndi 10 ppm, malo amene aldehyde imaonekera, imene simunaifotokoze, ndipo ikundikumbutsa aldehyde yanga ija. Nditumizireni spectrum yonse Loweruka lisanafike.