Kaphazi kotupa ka kabakha, musalole aliyense kukacheka ndi lezala

Achemwali chithunzi cha phazi la kabakha kanu kotsimphina mwaikacho ndangochiona thupi lonse lachita tsemwe, kaphazi kotupa choncho kokhala ndi kankhanambo kakuda pakati ndi zomwezo zinandiphera kabakha kanga, nde chonde musachedwe komanso musampatse aliyense wobwera ndi lezala.

Ine ndinali ndi tiabakha 12 ta masabata atatu, tonenepa bwino, nditangotisamutsira mu khola latsopano. Amene anandikhomera kholalo anayala waya pansi akuti zitosi zizigwera pansi kuti mukhale ukhondo, koma nsonga za wayayo sanapinde, anangodula basi nkuzisiya zitaloza mmwamba. Phazi la bakha ndi lofewa anthuni, kachikopa kolumikiza zala kaja nkopyapyala kwambiri, nde kuponda waya tsiku lonse kuphatikizapo madzi amene tiabakhato timangotaya tikamamwa, mbali yomwe kunali thabwa kunkangokhala chinyontho ndi zitosi. Kakang'ono chabe kukalika, mabakiteriya aja amati Staphylococcus alowa, ndipo amakhala pomwepo kale pakhungu ndi mu zinyalala za mkhola, sachokera kutali ayi.

Kamodzi kanayamba kumangokhala pansi anzake akuthamangira chakudya, ine nkumati kakhuta. Masiku awiri anadutsa. Tsiku lachitatu nditakanyamula nkukatembenuza ndinapeza phazi likutentha, pansi pake patatupa ngati nsonga ya chala changa chaching'ono, pakati kadontho kakuda kolimba.

Mnzanga wina anandilozera bambo wina amene amadzitcha katswiri wa ziweto. Anabwera madzulo, sanasambe mmanja, anangopisa mthumba la malaya nkutulutsa lezala lomwe linali litagwirapo kale ntchito, lopanda olo kapepala kokutira. Akuti ndigwire kabakhako. Ndinakagwira ndi manja awiri, mtima wake ndinkaumva ukugunda pachikhatho panga mothamanga kwambiri. Anacheka modutsa phazi lonse. Iye ankadikira kuti mafinya atuluka ngati chithupsa cha munthu koma munangotuluka magazi okhaokha, nde anayamba kufinya ndi zala zake zakudazo, kufinya, kufinya, kabakha kakulira mpaka mawu anatha kanangotsala kuyasamula kukamwa popanda chomveka. Magazi anayenderera mpaka pa mkono wanga nkumadonthera pansi. Ndinamuuza kuti bambo basi siyani, iye akuti ndisaope amadziwa. Kenaka anatenga kabotolo ka oyilo wakuda wa injini nkuthira pa chilondapo, akuti mawa kadzakhala kakuthamanga. Ndalama analandira nkumapita.

Usiku umenewo ndinakagoneka mu katoni pafupi ndi bedi langa, kankangonjenjemera, madzi kankamwa pokhapokha ndikakaviika mlomo. Pofika tsiku lachitatu chichekereni kutupa kunali kutakwera mpaka pa mfundo ya mwendo, fungo litayamba, mwendo wonse wotentha. Mmawa wa tsiku lachinayi ndinakapeza kataumirira, kamwendo kodwalako katatambasukira kumbuyo. Nditamuimbira foni bambo wa lezala uja anandiyankha kuti kanali kodwala kale, abakha amafa basi. Olo pepani sananene. Mpaka pano ndikamuganizira zimandiwawa, munthu sudziwa chinthu bwanji osangonena kuti sindidziwa, mmalo mozunza kanthu kosalakwa mmanja mwa mwini wake? Ndipo ndamva akuyendabe mmakomo mwa anthu ndi lezala lake lomwelo. Wokhoma khola uja nayenso nditamuonetsa nsonga za waya anangoti makola onse amapanga choncho.

Pambuyo pake ndi pomwe dokotala weniweni wa ziweto anandifotokozera kuti mafinya a mbalame sakhala amadzimadzi ngati athu, amaundana nkukhala kachibuluma kolimba, nde olo ufinye bwanji satuluka, umangophwanya minofu nkukankhira matenda mkati. Ndipo akafika mu mfundo kapena mu fupa ndi mmagazi nkhani imakhala yavuta kwambiri. Matendawa pa chingerezi amati bumblefoot ngati mukufuna kufunsa kwa dokotala.

Nditatembenuza totsalato kamodzikamodzi ndinapeza tina titatu tilinso ndi zomwezo, tiwiri tongofiira, kamodzi kali kale ndi nkhanambo. Inunso yang'anani tonse lero lomwe, musangoona kokhako kakutsimphinako, poti tikuponda malo amodzi.

Choyamba ndinachotsa waya yense nkuyala udzu wouma wofewa wambiri, nkumasintha tsiku lililonse mbali yonyowa. Chomwera ndinachiika pakona pa thireyi kuti madzi otayika asafalikire khola lonse. Simenti yokhakhala nayo imapala mapazi chimodzimodzi, musati poti si waya nde zili bwino.

Todwalato ndinatipatula. Kawiri pa tsiku ndinkaviika mapazi mmadzi ofunda osungunuliramo mchere wa Epsom, wa mankhwala uja osati wothira mndiwo, kwa mphindi 10 mpaka 15, madzi ake ongokwana kumiza mapazi basi, ndipo muzikagwira kuti kasamwe chifukwa mcherewo umatsegula mmimba ndipo bakha akaona madzi mlomo umapita wokha. Thupi lisanyowe, tiana tomwe sitinamere nthenga zenizeni timalowa madzi mpaka pakhungu nkuzizidwa msanga. Mukatulutsa pukutani bwinobwino ndi kansalu koyera, pakani ayodini uja wa Betadine wosungunula ndi madzi pang'ono, ikani kagozi, kansalu koika pa chilonda kaja, nkukulunga bandeji modutsa pakati pa mwendo ndi phazi, zala zikhale zotambasuka mmene zimakhalira kakaponda. Musamange kwambiri, mukaona zala zazizira kapena zasintha mtundu masulani pompo. Bandeji ikanyowa sinthani, yonyowa ndi yoipa kuposa kusamanga nkomwe, nde kusambira kaiwale kaye mpaka chilonda chitseke. Valani magolovesi kapena sambani mmanja ndi sopo mukamaliza, Staphylococcus amagwiranso anthu makamaka ngati muli ndi kabala pa chala.

Tiwiri tongofiira tija tinachira ndi zimenezi zokha pasanathe sabata ndi theka. Kachitatu nde kanandivuta. Ndanena kuti musacheke ndipo ndikubwerezanso, koma kachibuluma kaja kakakhala kuti kaumbika kale mkati sikasungunuka kokha, kamayenera kutuluka. Dokotala anali kutali sabata imeneyo nde ndinakachotsa ndekha. Nditaviika masiku asanu nkhanambo inafewa mmbali mwake, ndinawiritsa kapani kaja kozulira nsidze, nkutukula nkhanamboyo pang'onopang'ono, inatuluka limodzi ndi kanthu koyera motuwa kolimba nkusiya kadzenje. Timagazi tinatuluka pang'ono chabe. Ndinatsuka, ayodini, bandeji, tsiku ndi tsiku mpaka kadzenjeko kanadzaza kuchokera mkati, zinatenga pafupifupi masabata atatu. Manja ankanjenjemera ndithu chifukwa ndinkangokumbukira koyamba kaja. Komabe inu musatengere ine, ngati dokotala wa ziweto mungathe kumupeza pitani nako akachite yekha, ali ndi zipangizo zoyera ndi mankhwala oletsa ululu oyenera mbalame. Nkhanambo ikakana kutukuka musakakamize, viikaninso mawa.

Za maantibayotiki musangogula nkuthira mmadzi mongoyerekeza, kabakha ndi kakang'ono, mlingo wake amawerengera kulemera kwake, komanso chilonda chomwe chili ndi kachibuluma mkati mankhwala okha sachithetsa. Mafuta opaka a anthu aja okhala ndi mankhwala ochititsa dzanzi asiyeni. Oyilo, palafini, asidi wa batire, aliyense wokuuzani zimenezo mubwezereni pa geti pomwepo.

China, onani ngati vuto ndi phazi lokha. Kakakhala kuti miyendo yonse iwiri ndi yofooka kapena ikupindika koma pansi pa phazi palibe chilonda, kumeneko nthawi zambiri ndi kuperewera kwa niacin, vitamini B3, tiabakha timamufuna wambiri kuposa anapiye a nkhuku nde chakudya cha anapiye chokha nthawi zina sichikwanira. Ndipo kabakha kofooka miyendo kamaponda mopendekera, phazi nkumapalika mbali imodzi, zilonda nkuyambira pomwepo.

Tajambulaninso chithunzi china chooneka mwendo wonse, mugwirenso mfundo ili pamwamba pa phaziyo mufanizire ndi mwendo winawo. Ikakhala yotentha kapena yatupa, kapena kabakhako kasiya kudya, za mchere ndanenazi zisiyeni kaye, thamangani nako kwa dokotala lero lomwe.