Aphunzitsi, aonetseni anawo filimuyo, koma muwauze amene anailipira

Imelo iyi ndaisunga masiku angapo osayankha, chifukwa ndikangoyamba kulemba ndimapezeka ndikukangana ndi munthu amene sindikumudziwa n'komwe. Alemba ndi mayi wina wophunzitsa History pa sekondale. Akuti afika pa mutu wa kuukira boma kwa 1917 ku Russia, ndipo amafuna kuonetsa ana a Fomu 4 filimu ya October ya Sergei Eisenstein. Koma mphunzitsi mnzawo wawauza kuti mafilimu a mbiri a ku Russia onse ndi propaganda, ndipo kuwaonetsa ana pamene nkhondo ya ku Ukraine ili mkati ndi kuwadyetsa bodza. Ndiye akufunsa kuti aonetse kapena asiye.

Aphunzitsi, pa October mnzanuyo sakunama. Filimu imeneyi inachita kuitanitsidwa ndi boma la Soviet pokondwerera kuti patha zaka 10 chichitikire kuukirako. Chikhamu chija chothamanga n'kukwera mageti a Winter Palace, nyumba yachifumu ya ku Petrograd imene munali boma logwetsedwalo, chimene anthu ambiri ali nacho m'mutu, ndi cha Eisenstein. Usiku weniweniwo nyumbayo inkalonderedwa ndi anthu ochepa, makamaka anyamata ophunzira usilikali ndi gulu la asilikali aakazi, ndipo magazi sanakhetsedwe ambiri. Eisenstein anasonkhanitsa anthu miyandamiyanda n'kupanga nkhondo yokoma m'maso, mpaka zidutswa zake zakhala zikulowetsedwa m'mapulogalamu a mbiri ngati zithunzi zenizeni za 1917. Trotsky, amene anayendetsa zambiri masiku amenewo, anamudula kwambiri filimuyo isanatuluke, chifukwa mu 1927 momwemo anachotsedwa m'chipani. Ngakhale masitepe otchuka a ku Odessa mu Battleship Potemkin ya 1925, pamene asilikali akutsika akuwombera ndipo kangolo ka mwana kakutsetsereka kokha, kuphana kwa mtundu umenewo sikunachitikire pa masitepepo.

Chandiwawa ine ndi kunena kuti onse, kenako n'kugamula kuti choncho ana asaone.

Ine mafilimu awa ndinawadziwira kwa amalume. Anathawa kuno ali mnyamata nthawi ya chipani chimodzi, anadzera ku Tanzania, n'kukapezeka ku Kharkiv, mzinda wa ku Ukraine, kumene anaphunzira za makina. Pakhomo pathu dzina lawo silinkatchulidwa mokweza, chifukwa masiku a Kamuzu munthu wopita kwa Akomyunizimu ankangotchedwa chigawenga, ndipo abale ake ankayenda mosuzumira. Anabwera itadutsa riferendamu ya 1993, imvi zitayamba, atanyamula sutikesi ya mabuku a zilembo zimene palibe ankatha kuwerenga, chipewa chaubweya chopanda ntchito kuno, ndi makaseti a vidiyo. Makaseti ena TV yathu inkakana kutulutsa makala ake, zonse zinkangooneka zotuwa. Mawu a Chingerezi pansi panalibe. Ndiye amalume ankakhala pa mpando wandalema pafupi ndi deki, akumasulira okha ngati anyamata aja a m'mavidiyo sho, koma iwo ankaimitsa kaseti paliponse pamene mtima wawauza, n'kuyamba kulalikira. Filimu ya maola awiri inkatha usiku wonse. Amayi ankabwera kudzaima pakhomo n'kunena kuti, "Achimwene, anawa mawa sukulu." Iwo n'kukweza dzanja osacheuka.

Chimene ankabwereza mpaka kutopetsa chinali chakuti tizifunsa chaka chimene filimu inajambulidwa tisanafunse chaka chimene ikusimba. Anatiphunzitsa izi ndi Alexander Nevsky. Nkhani yake ndi ya 1242, kalonga wa ku Novgorod akugonjetsa ankhondo a Chijeremani pa nyanja youndana ya Peipus. Koma inatuluka mu 1938, Hitler akunola mano, ndipo aliyense woonera ankadziwa kuti Ajeremani a m'zipewa zachitsulo aja ndani. Nkhondo ya pa ayezi ija anaijambula m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, pa bwalo limene analipaka choko ndi zinthu zina zoyera, anthu akutuluka thukuta m'zovala zankhondo, kenako Sergei Prokofiev n'kuikapo nyimbo yoti ukamva umazizidwa. Mu Ogasiti 1939 Stalin anasainirana pangano ndi Hitler, filimuyo n'kuchotsedwa m'nyumba za kanema. Mu Juni 1941 Ajeremani atalowa, filimu yomweyo inatulutsidwanso mwachangu. Ndipo mu 1942 atakhazikitsa mendulo ya asilikali ya dzina la Nevsky, nkhope imene anaikapo ndi ya Nikolai Cherkasov, wosewera wa mu filimuyo, poti chithunzi chenicheni cha kalongayo kulibe. Mwana wa Fomu 4 akamva zimenezi waphunzira za pangano la 1939 kuposa mmene manotsi a pa bolodi angamuphunzitsire.

Apa ndiye ndimayamba kuuma mutu. Munthu wonena kuti zonse ndi bodza amaganiza kuti wachenjera, koma wangopeza njira yosaonera chilichonse. Boma linkalipira filimu iliyonse, inde, panalibenso wina wolipira. Koma opangawo sanali makina. Eisenstein yemweyo anatumidwa kuti apange Ivan the Terrible, chifukwa Stalin ankafuna kuti mfumu yankhanza ya m'zaka za m'ma 1500 ioneke ngati womanga dziko amene anakakamizika kupha. Anaijambulira ku Alma-Ata, kumene masitudiyo anathawira nthawi ya nkhondo. Gawo loyamba linalandira mphoto ya Stalin. Gawo lachiwiri linaonetsa mfumu yokayikira aliyense, yosungulumwa, yozunguliridwa ndi asilikali ake akupha, oprichniki, akuvina gule woopsa m'makala ofiira ndi agolide. Palibe amene anafunika kumasuliridwa. Mu 1946 akuluakulu a chipani analetsa gawolo, ati asilikaliwo akuoneka ngati a Ku Klux Klan, gulu la azungu atsankho la ku America, ndipo mfumuyo yafooka ngati Hamlet, kalonga wokayikakayika wa m'sewero la Shakespeare. Mu Febuluwale 1947 Eisenstein ndi Cherkasov anaitanidwa ku Kremlin usiku kukamva Stalin mwiniwake akuwaphunzitsa mbiri. Patangotha chaka Eisenstein anamwalira ndi matenda a mtima ali ndi zaka 50. Gawo lachiwirilo linaoneka mu 1958, iye ndi Stalin onse ali m'manda. Mnzanuyo andiuze kuti imeneyi ndi propaganda ya ndani.

Otsekeredwa m'kabati

Pali mndandanda wautali wa mafilimu amene boma linalipira, n'kuwaona, n'kuwatsekera. Aleksandr Askoldov anapanga Commissar mu 1967, nkhani ya mayi wina, mkulu wa asilikali a Chikomyunizimu, amene watenga pakati nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, n'kusungidwa ndi banja losauka la Chiyuda. Askoldov anamuchotsa ntchito, anamuchotsa m'chipani, filimuyo inakhala m'kabati zaka 20. Itatuluka inakalandira mphoto ku Berlin mu 1988, koma mwiniwake sanapangenso filimu ina yaitali moyo wake wonse. Aleksei German anamaliza Trial on the Road mu 1971, ya msilikali amene anagwirapo ntchito kwa Ajeremani n'kufuna kubwerera kwa anzake, ndipo anthu anaiona pakati pa zaka za m'ma 1980. Elem Klimov anamaliza Agony, ya Rasputin ndi mfumu yomaliza, mu 1975, koma kwawo inadikira mpaka 1985.

Imene ndimaikonda kuposa zonse ndi Andrei Rublev ya Andrei Tarkovsky, yomalizidwa mu 1966, yoonetsedwa ku Cannes mu 1969, koma kwawo mpaka 1971. Ndi yaitali, yopitirira maola atatu, ndipo imayenda pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Imasimba za mmonke wojambula zithunzi za m'tchalitchi cha m'ma 1400. Chakumapeto kuli mnyamata, Boriska, mwana wa mmisiri wa mabelu amene wafa ndi mliri. Amauza nthumwi za kalonga kuti bambo ake anamusiyira chinsinsi cha kuumba belu. Amamupatsa anthu, siliva, dzenje lalikulu. Mnyamatayo amakalipira akuluakulu, amakana dothi limene amisiri akale asankha, amatsetsereka m'matope mvula ikugwa mpaka kupeza dothi lake. Aliyense akudziwa kuti belu likakana kulira mutu wake udulidwa. Tsiku lofika, kalonga ali pa kavalo ndi alendo ake, lilime la belu likukankhidwa uku ndi uku, ndipo limalira. Anthu akusangalala, iye wagwa m'matope akulira, n'kuulula kwa mmonke uja kuti bambo ake sanamuuze kanthu, anapita nacho kumanda. Amalume akafika apa sankaimitsa kaseti ndipo sankamasulira. Ine ndimati Tarkovsky ankasimba za iye mwini ndi anzake onse ogwira ntchito ndi chuma cha kalonga, khosi lili pa mpeni.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhani ya Ukraine mwaitchula. Anthu amene timawaunjika pamodzi kuti a ku Russia sanali onse a ku Russia. Eisenstein anabadwira ku Riga, ku Latvia. Sergei Bondarchuk, amene anapanga War and Peace ya magawo anayi ndi maola pafupifupi 7, imene inapata Oscar mu 1969, anabadwira m'chigawo cha Kherson ku Ukraine. Ameneyu ndiye anali mwana wokondedwa wa boma: anamupatsa asilikali masauzande oti aseweretse nkhondo ya Borodino ya 1812, nyumba zosungira zinthu zakale zinamubwereka katundu weniweni, zonsezi chifukwa Aamerika anali atapanga filimu yawo ya buku la Tolstoy mu 1956 ndipo zinawawa. Koma taonani nkhondoyo mmene anaijambulira, iye mwini akusewera Pierre, munthu wonenepa wa chipewa choyera akungoyendayenda pakati pa mitembo osamvetsa chilichonse. Larisa Shepitko, mkazi wa Klimov, amene The Ascent yake inapata mphoto yaikulu ku Berlin mu 1977, anabadwira mu tawuni ya ku Ukraine imene lero timaimva pa nkhani kuti Bakhmut. Kharkiv ya amalume nayo yaphulitsidwa. Kutaya anthu amenewa chifukwa cha Putin ndi kumupatsa Putin zinthu zimene si zake.

Pamene ndimagwirizana ndi mnzanuyo ndi pa mafilimu ambiri atsopano, ndipo apa sindibisa Chichewa: ambiri ndi oipa kuposa a nthawi ya Stalin, chifukwa mkati mwake simumveka munthu akulimbana ndi amene wamutuma. Tengani Panfilov's 28 Men ya 2016. Nkhani ya asilikali 28 amene anaimitsa akasinja a Ajeremani pafupi ndi Moscow mu 1941 inafufuzidwa ndi oimira boma pa milandu ya asilikali mu 1948, n'kupezeka kuti atolankhani anaikometsera. Nkhokwe ya zikalata za boma itatulutsa lipotilo mu 2015, mkulu wake Sergei Mironenko sanakhalitse pa mpando. Nduna ya zachikhalidwe ya nthawiyo, Vladimir Medinsky, inati nkhaniyo ndi yopatulika, yosayenera kukhudzidwa kaya inachitika kaya ayi. Medinsky yemweyo ndi mmodzi wa olemba buku la History limene ana a sekondale ku Russia anayamba kugwiritsa ntchito mu 2023, ndiye inu aphunzitsi dzina limeneli mulisunge. Ndipo wina akangopatuka pang'ono amaona zakuda. Alexei Uchitel anapanga Matilda mu 2017, ya chibwenzi cha Nicholas II, mfumu yomaliza ya Russia, asanalowe ufumu ndi mtsikana wovina gule wa ballet. Poti tchalitchi cha Orthodox chinaika Nicholas m'gulu la oyera mu 2000, zinthu zinafika pa mwana wakana phala: magalimoto anatenthedwa ku Moscow, ndipo munthu wina anakagunditsa galimoto pa nyumba ya kanema ku Yekaterinburg, filimuyo isanatuluke n'komwe. Ndipo filimu yakeyo ndi yofewa, ya madiresi okongola basi.

Tsono yankho lanu nali. Aonetseni October, koma zidutswa, chifukwa ndi yopanda mawu ndipo ana agona. Sankhani gawo la Winter Palace, mulembe pa bolodi 1917 ndi 1927, muwafunse kuti analipira ndani ndipo ndani akusowa pa chithunzipo. Akafika pa Stalin, aikireni gule uja wa mu Ivan the Terrible. Situdiyo ya Mosfilm inaika mafilimu ake ambiri akale pa YouTube mwaulere, ena ndi mawu a Chingerezi pansi; koperani pamene pali WiFi, bandulo siingapirire. Come and See ya Klimov, ya 1985, yosimba za midzi ya ku Belarus imene Ajeremani anatentha pamodzi ndi anthu ake, midzi yoposa 600, musaionetse ana musanaionere nokha kunyumba, ndipo ngakhale mutatero, mukambirane kaye ndi ahedi.