Mafayilo akulowa koma sakutuluka pa HexChat

Bambo wina wa ku Lizulu, amene ali ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta, anditumizira imelo. Akuti pa HexChat, pulogalamu yochezera pa intaneti kudzera pa njira yotchedwa IRC, amalandira mafayilo bwinobwino, koma iwo akatumiza, fayilo imangokhala phee mpaka nthawi kutha. Mnzawo wawauza kuti azimitse firewall, pulogalamu yomwe imatchinga akunja kuti asalowe mu kompyuta.

Bambo, musayerekeze. Malangizo amenewa amandikwiyitsa. Kodi mungagwetse mpanda wonse wa dimba la kachewere chifukwa chitseko chalimba? Komanso ngati mumalumikiza kudzera pa rauta, ngakhale mutazimitsa firewall, fayiloyo siyipitabe.

Pa IRC fayilo siyidutsa pa seva. Imayenda ndi njira yotchedwa DCC: kompyuta ya wotumiza imatsegula port ya TCP (khomo la nambala lolowera mu kompyuta), n'kutumiza uthenga wakuti "ndili pa adiresi yakuti, khomo lakuti, bwera udzatenge". Wogogoda ndi wolandirayo. Mukamalandira, ndinu amene mumatuluka kukagogoda kwa eni, ndipo firewall siyiletsa zotuluka. Mukamatumiza, mlendo ndiye amabwera kwanu, n'kupeza kotseka.

Ena afunsa kuti nanga WhatsApp bwanji sivuta? Ija imakweza fayilo ku maseva ake, winayo n'kukaitenga komweko. Palibe amene amagogoda pa foni yanu.

Chopinga chachikulu ndi rauta. Imapatsa kompyuta yanu adiresi ya m'nyumba, monga 192.168.1.20, ndipo HexChat ikalengeza imeneyo, mnzanu wa ku Dedza amasaka nyumbayo pa netiweki yake yomwe, osaipeza. Choipa koposa chili pa MiFi ndi simu. Makampani ambiri a mafoni amagawira makasitomala ochuluka adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT. Lowani mu MiFi muone adiresi ya WAN, yomwe ndi adiresi yake yakunja. Ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, kapena ikayamba ndi 10, musataye bandulo: khomo lakunja si lanu. Zikatere gwiritsani ntchito passive DCC, kuti wolandirayo ndiye atsegule khomo. Ngati nonse muli pa CGNAT, DCC iwalani, tumizani pa imelo.

Chochita ngati adiresi ndi yanu

Mu HexChat pitani ku Settings, Preferences, File transfers. Port yoyamba ikhale 40000, yomaliza 40009, ndipo chongani pamene akuti adiresi itengedwe ku seva ya IRC. Madoko (ma port) 10 ndi okwanira, poti fayilo iliyonse imadya limodzi. Pa Windows tsegulani wf.msc (pokonzera firewall), Inbound Rules, New Rule, Port, TCP, lembani 40000-40009, Allow, koma chongani Private yokha. Onetsetsani kuti netiweki yanu Windows ikuiona ngati Private, apo ayi lamulolo silidzagwira. Pa Ubuntu lembani sudo ufw allow 40000:40009/tcp. Kenako pa rauta, pa Port Forwarding, lozetsani madoko omwewo ku adiresi ya kompyuta yanu, ndipo muimangirire pa DHCP reservation kuti adiresiyo isasinthe, chifukwa magetsi akathima n'kuyakanso rauta ikhoza kuipatsa adiresi ina. Poyesa, wolandira akhale pa netiweki ina, osati ya m'shopu momwemo.