Musagule kaye vaniyo, yambani mwagonamo mu Januwale

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mukuti lendi ya chipinda chimodzi ku Bristol, ku England, ikukudyerani malipiro, ndiye mwaganiza zogula vani, kuikamo bedi ndi kakhitchini, n'kumakhala momwemo kuti ndalama ya lendiyo muzimangira nyumba kumudzi. Ine ndinakhalapo m'vani zaka ziwiri, ndipo langizo langa ndi ili: musagule kaye. Bwerekani kapena chitani hayala vani yokonza kale, mugonemo masabata awiri mu Januwale, nthawi ya chisanu kuno, uku mukupita kuntchito monga mwa masiku onse. Osati mu Julaye. Mu Julaye aliyense amaikonda vani.

Chimene chinandisautsa ine si kuzizira ayi, koma chinyontho. Usiku wina ndinaphika nsima mawindo onse ali otseka chifukwa kunja kunali chisanu, m'mawa ndinadzuka madontho akundidonthera pankhope kuchokera kudenga. Nthunzi ya mumphika, mpweya umene mumapuma, jekete yonyowa ndi mvula, zonsezi zikakhudza chitsulo chozizira zimasanduka madzi. Patatha mwezi nditatembenuza matiresi, kunsi kwake kunali chuku bii! Ndinataya matiresiwo. Ndiye musaumire ndalama pa zinthu zitatu: fani yapadenga yotulutsa mpweya, hita ya dizilo yotulutsira utsi wake kunja, ndi alamu ya carbon monoxide, mpweya wakupha wochokera ku moto. Kuotha chitofu cha gasi m'vani yotseka n'chimodzimodzi kugona ndi mbaula m'chipinda, zimene tonse tinakula tikuletsedwa. Matiresi akhale pa timatabwa totalikirana kuti kunsi kuzipita mphepo. Za usipa ndisanene zambiri, mukaukazinga Lolemba, Lachisanu yunifolomu idzakhala ikununkhabe.

Sola musaidalire. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana, ndipo masiku ambiri silionekanso n'komwe. Muike chotchajira chotenga moto ku injini kuti batire izidzaza mukamayenda.

Koma nkhani yaikulu ndi ya adiresi, ndipo apa mpamene ife obwera timasiyana ndi azungu amene mumawaona pa YouTube akumwa khofi m'mbali mwa nyanja. Banki, DVLA (ofesi ya boma yoona za malaisensi ndi magalimoto) ndi kampani ya inshuwalansi onse amafuna adiresi. Ngati muli pa viza, a Home Office, unduna woona za anthu olowa m'dziko, amafuna kudziwa kumene mukukhala, ndipo mukasamuka muyenera kuwadziwitsa. Funsani loya wa nkhani za viza musanabweze makiyi a chipinda. Mupezenso wachibale wodalirika amene angalole kuti makalata anu azifikira kwake. A inshuwalansi muwauze zoona kuti mumakhala m'galimotomo chaka chonse, chifukwa mukabisa, tsiku la ngozi adzakukanirani kulipira.

Nanga mudzaimika kuti? Bristol ndi umodzi mwa mizinda imene ili ndi anthu ambiri okhala m'mavani, makamaka cha ku paki yaikulu ya Downs, ndipo mikangano pakati pa iwo ndi eni nyumba a m'deralo siitha. Kuyambira 2022 lamulo la ku England ndi Wales linakhwima pa anthu okhala m'galimoto pamalo a eni popanda chilolezo, moti nthawi zina apolisi angathe kulanda galimotoyo. Galimoto ikalandidwa, kwa inu ndiye kuti nyumba yapita. Ine mtima unakhala pansi nditapeza mlimi wina amene anandilola kuimika kuseri kwa nkhokwe yake, ndikumulipira pang'ono pamwezi, madzi ndikutunga pampopi wake. Muyambe mwapeza malo otere, vani ibwere pambuyo.

Pogula, sankhani ya dizilo ya Euro 6 (mulingo wa injini zotulutsa utsi wochepa), zimene nthawi zambiri ndi za kumapeto kwa 2016 kubwera kuno. Yakale imaoneka yotchipa, koma Bristol ili ndi Clean Air Zone, dera limene magalimoto akale otulutsa utsi wambiri amalipira akalowamo, kuyambira Novembala 2022, ndipo ku London mudzalipira £12.50 tsiku lililonse limene mwaiyendetsa mu ULEZ, dera lotere la kumeneko. Fiat Ducato, Peugeot Boxer ndi Citroën Relay ndi zotakata m'kati, munthu wa msinkhu wapakati amagona chopingasa, malo n'kutsala. Laisensi wamba imalola makilogalamu 3,500 okha, kuwerengera inuyo, matabwa, mabatire ndi madzi omwe, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Ngati mukuyendetserabe laisensi ya ku Malawi, kumbukirani kuti imagwira miyezi 12 yokha, kenako mayeso. Anzathu a ku Zimbabwe ndi South Africa amangosinthitsa, ife ayi.

Chimodzi chimene anthu sanena ndi chakuti vani ikapita ku galaja, kaya ku MOT (kuunika galimoto kwa chaka ndi chaka) kaya giyabokosi yafa, inu mulibe pogona. Yanga inakhalako masiku asanu, ine ndikugona pasofa ya mnzanga wa kutchalitchi. Muzisunga ndalama yapadera ya masiku otere.

Mwati mumagwira mashifiti ausiku. Ndiye pa masabata awiri oyeserawo muonetsetse ichi: mukaweruka m'mawa mutatopa, thanki ya chimbudzi itadzaza, kosamba kuli ku jimu, mabasi akudutsa pafupi ndi mutu wanu, kodi tulo tikubwera? Mukatha masabatawo mudzandiuze, ndidzakulozerani mmene ndinayalira matabwa a bedi.