Yang'anani VRM musanasankhe pakati pa mabolodi a kompyuta a B550 ndi X570

Achimwene, mwafunsa kuti mugule bolodi (motherboard) iti ya purosesa za AMD Ryzen, B550 kapena X570. Musanapereke ndalama, yang'anani kaye VRM, chifukwa ine wogulitsa wina wosakhulupirika anandipweteka pa chinthu chomwechi. VRM ndi tizida tozungulira soketi (malo oikapo purosesa pabolodi) timene timatsitsa magetsi a 12V ochokera ku power supply kufika pafupifupi 1.3V amene purosesa imafuna, ndipo pantchito imeneyi timatentha kwambiri.

Ine ndimakonza mavidiyo a maukwati, choncho ndinagula Ryzen 9 5950X ya makore 16, imene imakoka mpaka 142W ikamagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse. Mwini sitolo anandilumbirira kuti bolodi yotchipa ya B450 imene inali pashelefu pake idzainyamula bwinobwino poti soketi ndi imodzimodzi ya AM4, koma anabisa zoti VRM yake inali yofooka ndiponso yopanda heatsink, kachitsulo kochotsa kutentha. Poyamba kompyuta inakana n'kuyaka komwe chifukwa BIOS, pulogalamu ya pabolodi yoyatsira kompyuta, inali yakale, yosadziwa ma Ryzen 5000, ndipo bolodiyo inalibe batani la BIOS Flashback loikira BIOS yatsopano popanda purosesa, moti munthu yemweyo anandilipiritsanso kuti ayikemo purosesa yakale, aike BIOS yatsopano n'kukonza vuto limene iye analidziwa kale.

Choipitsitsa chinachitika usiku wina wa mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha koopsa, ndili pakati potulutsa vidiyo imene akubanja kwa mkwatibwi amayenera kudzatenga m'mawa mwake. Mafani anayamba kulira ngati chigayo, liwiro la purosesa n'kumangotsika, kenaka sikirini inada ndipo m'chipinda munamveka fungo la pulasitiki yopserera. Ndinadina batani mobwerezabwereza koma kompyuta sinayankhe. Nditatsegula kesi ndinapeza malo akuda pambali pa soketi, otentha moti chala sichikanakhalapo. Kutacha ndinaima pamaso pa bambo wachikulire amene anandilipira ndalama zonse mwachikhulupiriro, ndilibe chomupatsa, iye akundiyang'ana ngati wakuba. Nditabwerera kusitolo, wogulitsayo sanafune n'kuigwira komwe bolodiyo. Anati vuto ndi magetsi a kunyumba kwanga, ndipo lisiti limene anandilembera silinatchule za waranti. Munthu wotero amadziwa bwino chimene akugulitsa, koma amaona thumba la kasitomala lokha, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikadutsa pakhomo pake.

Mabolodi apamwamba amadula chifukwa amakhala ndi magawo ambiri a VRM, ma heatsink olemera, malo ochuluka a M.2 (oikapo ma SSD osungira mafayilo) ndi USB, ndiponso kasikirini koonetsa nambala ya vuto kompyuta ikakana kuyaka. X570 inatuluka mu 2019 ndipo imapereka PCIe 4.0 (njira yolumikizira zida yothamanga kuposa 3.0) ngakhale panjira zodutsa pa chipset, kachida kapabolodi kolumikiza zida zina ku purosesa, n'chifukwa chake ambiri mwa mabolodi ake oyambirira anali ndi kafani kawokawo. B550 ya mu 2020 imapereka PCIe 4.0 pa graphics card ndi pa M.2 imodzi yokha, zotsalazo ndi 3.0.  

Ine ndinagula X570 pambuyo pake ndipo sinandivutitsepo, komabe inu musathamangire yodula. Purosesa imodzimodzi imathamanga pafupifupi chimodzimodzi pa B550 yabwino ndi pa X570, ndipo Ryzen 5 5600X ya 65W sivutitsa VRM ngakhale pabolodi wamba. Tengani B550 yokhala ndi heatsink yooneka bwino mbali ziwiri za soketi ndiponso batani la Flashback, ndalama zotsalazo muike pa RAM ndi pa power supply yodalirika. Wogulitsa ayatse kompyutayo inu muli pomwepo ndi purosesa yanu yomweyo, ndipo alembe miyezi ya waranti palisiti musanamupatse ndalama.