Kumapiri pitani, koma madzi musawasiye

Mayi wina amene achita mpikisano wa triathlon koyamba chaka chino anditumizira imelo yofunsa ngati angasiyiretu kusambira kwa miyezi itatu, poti nyengo ya mipikisano yatha, kuti nthawiyo aithere kukwera mapiri ndi kugona m'matenti pamodzi ndi anzawo. Akuti dziwe losambiramo lawatopetsa, ndiponso pa magawo atatu aja, kusambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga, kusambira ndi kumene amatsalira kwambiri.

Funso limeneli landifika pamtima, mayi, chifukwa inenso ndinayamba ndi kuthamanga, ndipo kusambira kwenikweni ndinakuphunzira nditakula kale. Ndinkatha kuthamanga mtunda wautali osamva kutopa, motero ndinkayembekezera kuti mapapo omwewo andithandizanso m'madzi. Zimene ndinakumana nazo m'dziwe zinali zina. Ndikangosambira kupita ndi kubwerera ndinkafika pakhoma ndili wefuwefu, mtima ukugunda mpaka m'makutu, ndipo ndinkanamizira kukonza magalasi osambirira kuti anthu asazindikire kuti ndikupumula. Mumzere woyandikana ndi wanga munkasambira agogo ena aakazi, ochepa thupi, amene pamtunda ndikanawasiya kutali ngakhale pongoyenda chabe. Iwo ankapita ndi kubwerera kwa ola lathunthu osaima, madzi osachita phokoso n'komwe, kenako ankatuluka, n'kudzipukuta, n'kumapita akucheza ndi anzawo mpweya uli m'malo.

Tsiku lina ndinadzimiza pang'ono m'mbali mwa khoma kuti ndiwaonere pansi pa madzi. Mutu wawo sunkagwedezeka, maso ali pa mzere wakuda wa pansi pa dziwe, ndipo timathovu tinkatuluka m'mphuno mwawo mosadukiza kuyambira pamene nkhope yalowa m'madzi mpaka pamene atembenukira kumbali kuti akoke mpweya. Chiuno ndi zidendene zinali pamwamba penipeni. Dzanja likalowa kutsogolo sankalikoka mwaphuma. Ankayamba apinda chigongono, chikhatho n'kuloza pansi, kenako n'kukankhira madzi kumbuyo, thupi lonse likupendekera mbali iyi ndi iyo mwapang'onopang'ono.

Ife amene tinazolowera kuthamanga timachita zosiyana ndi zimenezi pafupifupi pa chilichonse. Timagwira mpweya nkhope ikakhala m'madzi, ndipo mpweya woipa ukachuluka m'magazi thupi limayamba kuchita mantha kuti likubanika, chonsecho mapapo ali odzaza. Timadzutsa mutu kuti tione kutsogolo, ndipo mutu ukangodzuka chiuno chimamira, miyendo n'kumalendewera pansi. Akakolo athu ndi ouma chifukwa cha msewu, moti ena akagwira thabwa loyandama n'kumamenya miyendo yokha sasuntha n'komwe, ena mpaka amabwerera m'mbuyo. Madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi maulendo 800, kotero kuti chiwalo chilichonse chimene chatuluka mumzere wa thupi chimakubwezani, ndipo mukamawonjezera liwiro kubwezako kumakula mofulumira kuposa liwirolo. Munthu wosambira miyendo ili pansi ali ngati wopalasa njinga atagwira mabuleki, mphamvu zikumuthera ndithu koma mtunda sukuyenda.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi uphungu umene wafala pakati pathu, wakuti kusambira ndi kagawo kakang'ono kosayenera kutayirapo nthawi. Masamu ake ndi oona. Pa mpikisano wa Ironman munthu amasambira makilomita 3.8, n'kupalasa njinga makilomita 180, n'kuthamanga makilomita 42.2, ndipo kwa ambiri kusambira kumatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a nthawi yonse. Ngakhale pa mtunda wa ku Olimpiki, umene ndi makilomita 1.5, 40 ndi 10, nthawi yochuluka imathera pa njinga. Koma masamuwo sawerengera mmene munthu amatulukira m'madzi. Wotuluka ali ndi chizungulire, atamwa madzi, mapewa atalema, amakazimvera pa njinga kwa nthawi yaitali, pamene mnzake amene watuluka mtima uli m'malo amayamba kupalasa mwamphamvu nthawi yomweyo. Sawerengeranso kuti m'madzi ndi mokha mmene simungaime n'kukhala pansi zinthu zikavuta. Kafukufuku amene Dr Kevin Harris ndi anzake anafalitsa mu 2017 anapeza anthu 135 amene anamwalira kapena mtima wawo unaima mwadzidzidzi pa mipikisano ya triathlon ku America kuyambira 1985 mpaka 2016, ndipo 90 mwa iwo zinawachitikira akusambira. Ambiri anali amuna a zaka zapakati, ndipo ena anapezeka kuti anali ndi matenda a mtima amene sankawadziwa. Chiwerengerochi n'chochepa poyerekeza ndi mamiliyoni amene anachita nawo mipikisanoyo, ndipo sindikuchitchula kuti ndikuopseni, koma chikusonyeza kuti gawo limene ambiri amalipeputsa ndi limene limafuna kukonzekera kwambiri. Aliyense amene amamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika kosadziwika bwino akamachita masewera, nyengo yopuma ino ndi nthawi yoti akaonane ndi dokotala.

Mfundo yanga yaikulu ndi yakuti kupirira kwa mtima ndi mapapo mungakusunge m'njira zambiri, koma luso la manja m'madzi silisungika kwina kulikonse kupatula m'madzi momwemo. Amene anaphunzira kusambira ali ana akhoza kukhala nthawi yaitali osalowa m'dziwe n'kubwererako ali bwinobwino. Ife amene tinaphunzira titakula, malinga ndi zimene ndaona kwa ine ndi kwa anzanga, pakangopita masabata ochepa dzanja limayamba kuterereka m'madzi osagwira kanthu, ndipo mutu umayambiranso kudzuka. Miyezi itatu ikubwezerani pafupi ndi pamene munayambira. Komanso miyezi imeneyi ndi yokhayo pa chaka imene mulibe mpikisano wokuthamangitsani. Kusintha kasambiridwe kumachedwetsa munthu poyamba, chifukwa thupi limakhala likusiya zimene linazolowera lisanagwire zatsopano, ndipo palibe amene amalola kuchedwa mpikisano utayandikira.

Za mapiri zokha sindikutsutsani ngakhale pang'ono, ndipo ndikanakonda kuti ambiri mwa ife tikhale ndi maganizo anuwo. Kukwera phiri mutabereka chikwama kumalimbitsa ntchafu, matako ndi msana, kumasunga mtima, ndiponso kumapatsa mawondo mpata wochira ku kugundagunda kwa pa tala. Alistair Brownlee, amene anapambana mendulo ya golide ya triathlon ku London mu 2012 ndi ku Rio mu 2016, anakula akuthamanga m'zitunda za ku Yorkshire pamodzi ndi mng'ono wake Jonny, ndipo palibe anganene kuti zitundazo zinawalanda kanthu. Njinga ikolekeni kukhoma ngati mukufuna, nsapato zothamangira zipume. Kupalasa bwato nakonso ndi kwabwino pa msana ndi mapewa, kungoti musadzinamize kuti kwalowa m'malo mwa kusambira, pakuti nkhafi imagwira madzi yokha pamene chikhatho chimachita kuphunzitsidwa.

Ndikukhulupirira kuti chimene chakutopetsani si dziwe lenilenilo koma kasambiridwe kamene ambiri timatengera kwa anzathu: kulowa, kusambira mtunda wautali mosalekeza, kuyang'ana wotchi, n'kutuluka wokhumudwa. Wotchi ya pamkono imawerenga mamita ndi masekondi, koma siona kuti miyendo yanu ili pansi, ndipo m'nyengo ino ine ndimaisiya m'chikwama. Ndimakayikiranso kwambiri kachoyandama kamene anthu amapana pakati pa ntchafu. Kali ndi ntchito yake, koma ndaona anthu akusambira nako tsiku lililonse chifukwa kamawanyamulira miyendo, vuto n'kubisika osachoka. Wetsuit, chovala chothina cha rabara chosambirira m'madzi ozizira, nayo imachita chimodzimodzi, ndipo ambiri amaidalira mpaka tsiku limene adzauzidwe m'mawa wa mpikisano kuti madzi afunda. Pa malamulo a World Triathlon, bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, anthu wamba osafika zaka 60 osambira mamita 1,500 kapena kucheperapo saloledwa kuvala wetsuit madzi akafika madigiri 22. Pa tsiku lotero amene anathera nyengo yopuma akuphunzira kuyandama ndi thupi lawo lokha amaonekera poyera.

Za madzi a kunja kwa dziwe

Mpikisano woyamba wa Ironman unachitika pa chilumba cha Oahu ku Hawaii mu 1978, ndipo unangolumikiza mipikisano itatu imene inalipo kale. Gawo la kusambira linatengedwa ku Waikiki Roughwater Swim, mpikisano wa m'nyanja yamchere ya mafunde. Anayamba anthu 15, anamaliza 12. Masewera athuwa, tsono, sanabadwire pakati pa zingwe ndi matailosi a dziwe losambiramo, ndipo akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Maulendo anu a kumapiri ndi mwayi wokumana ndi madzi opanda mzere wakuda, opanda khoma logwira, amene pansi pake sipaoneka.

Pa ulendo wina ine ndi anzanga tinafika pa kanyanja kena ka pamwamba pa phiri titayenda m'mawa wonse dzuwa likuwala, thukuta lili kamukamu. Madziwo anali oyera moti miyala inkaoneka, ndipo ankakopa aliyense. Ndinalowa pang'onopang'ono, mnzanga wina ataima pamwala akundiyang'anira. Atafika m'chifuwa mpweya unangodzikoka wokha, kupuma kunathamanga popanda ine kufuna, ndipo khungu linkamveka ngati likupsa. Ndinaima pomwepo mapazi ali pansi, n'kumathira madzi kumaso ndi m'khosi, mpaka kupuma kutakhazikika, kenako ndinasambira motsata gombe kwa kanthawi kochepa. Chimene chinandidabwitsa chinabwera nditatuluka kale. Nditavala, nditakhala padzuwa, m'pamene kunjenjemera kunayamba mwamphamvu, mano akugundana, zala zikukanika kumanga zingwe za nsapato, chifukwa thupi limapitiriza kuzizira mkati kwa kanthawi ngakhale munthu atachoka m'madzi.

Kukoka mpweya mwadzidzidzi kuja ndi kumene kumamiza anthu odziwa kusambira akadumphira m'madzi ozizira, makamaka osafika madigiri 15, chifukwa kukachitika mutu uli pansi munthu amakoka madzi. Kumakhala koopsa m'mphindi yoyamba ndi yachiwiri, kenako kumachepa. Pulofesa Mike Tipton wa ku yunivesite ya Portsmouth ndi anzake anasonyeza kuti kulowa m'madzi ozizira kwa mphindi zochepa maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi kumachepetsa kudzidzimuka kumeneku ndi pafupifupi theka, ndipo kuzolowerako kumakhala kwa miyezi. Ngakhale mutazolowera, madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya pafupifupi maulendo 25, ndipo manja ndi amene amayamba kufooka. Choncho musadumphire, musasambire nokha, musapite pakati, tsatani gombe, ndipo zovala zofunda muziyale pamwala musanalowe. Kumadera otentha vuto limakhala lina, la nkhono zofalitsa likodzo m'madzi odikha, kotero funsani anthu a kumaloko musanavule nsapato.

Ndondomeko yake

Pumulani masabata awiri osalowa m'dziwe, popanda kudziimba mlandu. Mukatero sambirani katatu pa sabata, mphindi 30 zokha ulendo uliwonse, pakati pa sabata, kuti Loweruka ndi Lamlungu zikhale za mapiri. Kusambira pang'ono kawirikawiri kumaphunzitsa thupi kuposa kusambira kwambiri kamodzi. Sambirani mamita 25 kapena 50, pumani masekondi 15 kapena 20, ndipo tsiku lililonse likhale ndi chinthu chimodzi chokha choganizira: lero kutulutsa mpweya, tsiku lina mutu, tsiku lina chigongono. Werengani maulendo amene manja akulowa m'madzi kuchokera khoma lina kufika lina, phunzirani kupumira mbali zonse ziwiri, ndipo nthawi zina tulutsani maso okha pamwamba kuti muone kutsogolo. Ngati mukufunabe nambala, kamodzi pa mwezi sambirani mamita 400 ndi mphamvu zonse, pumulani mokwanira, sambiraninso mamita 200, chotsani nthawi yachiwiri pa yoyamba n'kugawa pawiri. Yankho ndi liwiro limene mungalisunge pa mamita 100 aliwonse. Pemphani mnzanu akujambuleni vidiyo pa foni ali m'mbali mwa dziwe, ndipo poionera yambani mwayang'ana pamene pali zidendene zanu. Zikakhala kuti zili pansi pa madzi, nkhani ya manja iyambe yadikira.