Kogona m'tchire kwa okonda mbalame opanda madola: yambirani pa Mulanje

Mayi wina wa ku Chilomoni, mphunzitsi wa pulayimale, wanditumizira imelo yomwe ndaidula pang'ono. Akuti: "Ine ndi amuna anga timakonda mbalame. Pa intaneti timaona anthu akunja akugona m'tinyumba ta matabwa pakati pa nkhalango, ena atakhala m'tizisakasa tobisalamo n'kumaonera mbalame chapafupi. Kodi kwathu kuno ziliko? Kapena ndi za azungu okhaokha olipira madola? Tili ndi masiku atatu pa holide ya mu Ogasiti, galimoto tilibe."

Ziliko Mayi. Malo a madola aja aliponso, ku Liwonde, ku Majete, ku Chelinda pa Nyika, ndipo ena amatsitsako mtengo kwa Amalawi mukafunsa. Koma poti mwati masiku ndi atatu ndipo mudalira minibasi, ine sindikutumizani kumeneko. Pitani ku Mulanje mukagone pamwamba pa phiri.

Anthu ambiri a mu Blantyre sadziwa kuti pamwamba pa phirilo pali tinyumba pafupifupi 10 togonamo alendo: Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu, Madzeka ndi tina. Tambiri ndi ta dipatimenti ya zankhalango, ndipo bungwe la Mountain Club of Malawi limathandiza kutisamalira. Pa Lichenya palinso ka mpingo wa CCAP. Musayembekezere hotela. Magetsi kulibe, chimbudzi ndi chokumba, madzi ndi a mumtsinje. Chomwe mupeze ndi chipinda chachikulu cha matabwa, chofukizira moto pakhoma, matebulo ndi mipando, matiresi oyala pansi, khonde, komanso mlonda amene amakhala pafupi. Bambo ameneyu ndiye mwini zonse. Amatola nkhuni, amatunga madzi, amakoleza moto, ndipo mukamupempha bwino amakutenthetserani madzi osamba mu ndowa. Ufa, ndiwo, mchere, shuga, makandulo ndi machesi ndi zanu, poto ndi mthiko mutengenso nokha. Tsiku lotsika musachoke osamusiyira kangachepe m'manja.

Kufikako sikovuta. Kwerani minibasi ku Limbe mutsike pa Chitakale. Gulani zotsala pamenepo, nanazi ndi nthochi zili mbwee, kenaka kabaza wa njinga yamoto akakutuleni ku Likhubula, pa msewu wa ku Phalombe. Ku ofesi ya zankhalango mulembetsa mayina, mulipira zolowera ndi zogonera, ndipo akupatsani wolondolera njira ndi wonyamula katundu. Anyamatawa amayenda motsata mzere wawo, ndiye musakokedwe ndi aliyense wokuthamangirani pa Chitakale n'kumati ndine gaidi. Gwirizanani mtengo musananyamuke, ndi kunena momveka ngati chakudya chawo chili pa inu kapena ayi. Mikangano yambiri yomwe ndaimva paphiripo imayambira pa nsima, osati pa ndalama ya ulendo.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mundimvetse. Pafupifupi aliyense amene mumuuze za ulendowu akufunsani ngati mukafike pa Sapitwa. Nsonga imeneyi ndi yotalika mamita 3,002, palibe ina yoposa m'Malawi muno, ndipo alendo ambiri amabwerera iyoyo. Amagona pa Chambe usiku umodzi, m'mawa n'kuthamangira ku Chisepo, mawa lake n'kukwera, n'kutsika miyendo ikunjenjemera. Akabwerako mukawafunsa kuti mwaona mbalame zanji, amangoti makhungubwe. Munthu amene akuwefuka maso ali pa nsapato saona mbalame. Inu sankhani kanyumba kamodzi, mugonemo usiku uwiri, tsiku lapakati musapite kutali.

Kanyumba kake kati? Ngati simunazolowere kukwera, Chambe. Kuchokera pa Likhubula ndi maola atatu kapena anayi. Njira ya Skyline ndi yachidule koma yoimirira. Ya Chapaluka imatsata mtsinje, imadutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba, ndipo ili ndi mithunzi, choncho kwa okonda mbalame ndiyo yabwino. Vuto la Chambe ndi loti chigwa chake chidali munda wa mitengo ya paini yomwe idadulidwa, moti malo ambiri ndi poyera. Khonde la kanyumbako limayang'ana thanthwe lalikulu la Chambe, ndipo dzuwa likamatuluka mudzaiwala tiyi. Koma ngati miyendo ikulola maola anayi kapena asanu okwera kwenikweni, ine ndingasankhe Lichenya, chifukwa m'makwawa a kumeneko mudakali tizigawo ta nkhalango yachilengedwe, ndipo mbalame zomwe simungazione ku Michiru zili m'menemo.

Dzukani kusanayere, valani zonse zomwe mwabweretsa, mukhale pakhonde kapena m'mphepete mwa nkhalango msana mutatsamira mtengo. Musalankhule. Kwa mphindi zoyamba mudzaganiza kuti ndakunamizani. Kenaka tchire limayamba kukuiwalani. Timbalame ta milomo yaitali yopindika timabwera kudzayamwa maluwa pafupi moti mumaona nthenga za pakhosi zikusintha mtundu tikatembenuka. M'mitengo mumveka kulira kokhala ngati kukhosomola, ndiye nkulukulu ameneyo. Ndi wobiriwira, amathamanga panthambi osaoneka bwino, koma akangotambasula mapiko kuwolokera mtengo wina mumaona kufiira kwa psuu. Masana yang'anani kumwamba m'mbali mwa matanthwe, ziwombankhanga zimazungulira kumeneko kusaka mbira. Makhungubwe a m'phiri, a mlomo wonenepa ndi chigamba choyera kumbuyo kwa khosi, simuchita kuwafuna. Siyani buledi pakhonde mulowe kukatenga mpeni, mudzapeza pepala lokha.

Pali kambalame kena komwe anthu amakwerera ndege kuchokera ku Ulaya kudzakaona. M'mabuku amakatcha Thyolo alethe. Kamapezeka m'nkhalango za mapiri ochepa chabe kum'mwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique, ndipo poti nkhalango ya phiri la Thyolo idatha pafupifupi yonse, Mulanje ndi amodzi mwa malo omwe katsalako. N'kabulauni kumsana, koyera pakhosi, kamanyazi, kokonda pansi pamdima. Njira yokapezera ndi linthumbu. Linthumbu likamayenda tizilombo timathawa, ndipo kambalameka kamatsatira n'kumatola tothawato. Mukaona mzere wa linthumbu m'nkhalango, imani chapatali, lowetsani buluku m'masokosi, dikirani. Sindikulonjeza kuti mukaona. Mwayi wochuluka uli ku chigwa cha mtsinje wa Ruo, mbali ya minda ya tiyi ya Lujeri, womwe ndi ulendo wina pawokha.

Za nyengo musazitenge mwamasewera. Ogasiti pamwamba paja usiku kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu, ndipo chiperoni chimatha kugwa dzuwa likuswa mtengo, m'kanthawi kochepa osaonanso mnzako amene ali patsogolo. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil adasiya womulondolera n'kupitirira yekha ku Sapitwa, ndipo adapezeka atamwalira patapita masabata. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adagumulanso mbali zina za phiri, njira zina zidasintha. Ndiye wolondolera akati lero sitiyenda, musatsutse. Tengani mabulangeti awiri aliyense, jekete ya mvula, chipewa, tochi, ndi nsapato zomwe mudaziyendera kale.

Akakuuzaninso za mizimu ya m'phirimo, monga zoti ukapeza chakudya chokonzakonza panjira udye wekha osaitana mnzako, mvetserani mwaulemu, kaya ndinu a Mvano kaya ayi. Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe ozungulira phirili amalitenga ngati malo opatulika, ndipo n'chifukwa chake mu 2025 bungwe la UNESCO lidaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse.

Chinthu chimodzi chidzakuwawani. Mukalowa m'tinyumba takale mudzamva kafungo kokoma ka matabwa, ndiwo mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, womwe mwachilengedwe sumera kwina kulikonse. Mukatuluka panja mudzaona zitsa. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, koma macheka sadaleke kulira, moti kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. A Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi akhala akubzala mbande zambiri, koma mtengowu umakula mochedwa ndipo moto wolusa chaka ndi chaka umapha yaing'ono. Pansi akakutsatsani timabokosi tonunkhira, dziwani komwe thabwalo lachokera. Ine sindigula.

Tibwere ku tizisakasa tobisalamo tomwe mwafunsa. Paphiri kulibe, ndipo sitifunika. Komwe tidamangidwadi ndi ku Lengwe, ku Chikwawa, kufupi ndi minda ya nzimbe ya Nchalo. Nkhalangoyi ilibe madzi okhalitsa chilimwe, choncho nyama zimadalira zitsime zochita kupopera, ndipo pambali pa zitsimezo pali tinyumba tokwezeka ta mipando ndi mpata woonera. Ukakhalamo mbandakucha kumabwera boo (pachizungu amati nyala), nyama yomwe Lengwe idatchuka nayo, komanso njiri, nswala, anyani, nthawi zina njati, ndi nkhanga za chisumbu chopotana pamutu zomwe m'midzi simuziona. Koma nthawi yake yabwino ndi Seputembala ndi Okutobala, madzi ena onse atauma, ndipo muyenera kupirira kutentha kwa ku chigwa cha Shire. Popanda galimoto n'kovutanso, chifukwa geti lili patali ndi msewu wa M1 ndipo m'kati mwa paki simungangoyenda nokha wapansi. Madzi osefukira a mu 2022 ndi 2023 adaononga zambiri ku Chikwawa, ndiye imbani foni kaye mumve za misewu. Umenewu usungeni mpaka mutapeza anzanu a galimoto oti musonkherane mafuta.

Magalasi oonera patali simunanene ngati muli nawo. Ngati mulibe, bwerekani, ngakhale amodzi oti muzilandirana ndi bambo. Pogula funani olembedwa 8x42 kapena 8x32, osati akuluakulu olemera omwe amanjenjemera m'manja. Foni idzakuthandizani pojambula kulira kwa mbalame kuti mudzafufuze mutatsika, koma netiweki pamwamba ndi ya apo ndi apo ndipo potchajira palibe, choncho muziizimitsa. Ndipo uzani wokulondolerani kuyambira pa Likhubula pomwe kuti mwabwerera mbalame, osati nsonga. Apo ayi adzakuyendetsani liwiro lomwe adazolowera, ndipo ena mwa anyamata amenewa amathamanga nawo mpikisano wa Porters' Race.